Mwana amene tinakamutenga ku Malawi amathamangira aliyense, koma ine amandikana

"Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Leeds ndi amuna anga, tonse ndife Amalawi. Titakhala zaka zambiri m'banja popanda mphatso ya mwana, tinatsata ndondomeko zonse, za kuno ku UK ndi za kukhoti kumudzi, mpaka tinatenga kamtsikana ka zaka zitatu ku nyumba ina yosungira ana. Anakamusiya kumeneko ali ndi miyezi isanu, mayi ake atamwalira. Pano tatha naye miyezi inayi. Kutchalitchi amathamangira mayi aliyense, kumukhalira pamiyendo n'kumamutcha amama. Tsiku lina m'sitolo anagwira dzanja la munthu wosamudziwa n'kumapita naye osacheuka. Koma ine ndikati ndimunyamule amauma thupi, mwinanso kundimenya. Bambo ake amawalola. Akagwa salira. Ndimapeza buledi ndi nthochi pansi pa pilo ngakhale wadya n'kukhuta. Usiku amadzuka akukuwa, ndipo Chichewa chimene ankalankhula bwinobwino chikuchepa. Apongozi anga pafoni akuti tamusasatitsa, akufunika chikwapu. Amayi ena kutchalitchi akuti tipite naye ku mapemphero a mamasulidwe poti sitidziwa magazi ake. Ine ndine namwino, ndikuganiza zomulembetsa ku nazale kuti ndibwerere kuntchito. Ndipo pali chinthu chimene sindinauzepo munthu: chikondi chimene ndinkayembekezera kumva mumtima mwanga sindikuchimva. Kodi tinalakwitsa?"

Amayi, ndiyambire kumapeto kwa kalata yanu: simunalakwitse. Zonse mwatchulazi, kuyambira buledi wa pansi pa pilo mpaka kuuma thupi mukamamunyamula, ndakhala ndikuziona kwa ana ochokera m'nyumba zosungira ana pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi mabanja ngati lanu, kumudzi ndi kuno komwe. Miyezi inayi ndi yochepa kwambiri. Kwa inu, amene munadikira zaka mukulemba mafomu ndi kuzungulira m'maofesi, mwanayu anali wanu kale asanakwere ndege. Kwa iye, ndinu alendo awiri amene munabwera tsiku lina n'kumuchotsa pamalo okhawo amene ankawadziwa.

Taganizani zimene anataya tsiku limodzi lokha: anzake ogona nawo chipinda chimodzi, amayi amene ankamusambitsa, fungo la utsi wa nkhuni, dzuwa, phokoso la ana pabwalo. Wafikira m'nyumba ya zii, m'dziko limene nyengo yozizira kumada cha m'ma 4 koloko masana. Ife akuluakulu timaona kuti mwanayu wachita mwayi, pomwe iye ndi namfedwa. Mwana wa zaka zitatu sangakhale pansi n'kukuuzani kuti ndawasowa anzanga, ndiye chisoni chake chimatulukira pa tulo, pa chakudya ndi pa ukali.

Nkhani yothamangira aliyense ndi imene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndiye tsinde la zina zonsezi. M'nyumba yosungira ana, ngakhale itakhala yabwino bwanji, olera amasinthana. Wina wam'mawa, wina wausiku, wina wapita kumaliro, wina wasiya ntchito. Loweruka kwabwera alendo ndi maswiti, anyamula ana, ajambulitsa zithunzi, apita. Mwana wokulira pamenepo amaphunzira zinthu ziwiri: munthu wamkulu aliyense angathe kundipatsa kanthu, ndipo palibe amene amakhalitsa. Choncho amamwetulira aliyense, amakwera pamiyendo ya aliyense, ndipo kumeneko khalidwe limenelo linkamupindulira, chifukwa mwana wochezeka ndi amene ankanyamulidwa. Mwana wobadwira m'banja amaphunzira zosiyana m'chaka chake choyamba. Akalira amanyamulidwa ndi manja omwewomwewo, usana ndi usiku, mpaka pofika miyezi 8 kapena 9 amayamba kuchita mantha ndi alendo n'kubisa nkhope pachifuwa cha mayi ake. Kamtsikana kanu phunziro limenelo linakadutsa. Sakudziwa kuti mayi ndi munthu wosiyana ndi amayi ena onse. Ndiye anthu akamamuyamikira kuti ndi mwana wosasankha anthu, inu dziwani kuti pamenepo ndi pamene pali ntchito yanu, komanso kuti ndi ngozi yeniyeni, monga munaonera m'sitolo muja.

Nanga n'chifukwa chiyani akukana inu nokha? Ndimaziona kawirikawiri, mwana kulola bambo n'kukana mayi. Onse amene anamulerapo n'kumusiya anali akazi. Bambo ndi wachilendo, sanamukhumudwitsepo. Komanso mayi wa kutchalitchi amamunyamula kwa mphindi zisanu n'kumutsitsa, safuna kanthu kwa iye, pomwe inu mukufuna mtima wake, ndipo mwana amene anasiyidwapo amaopa kupereka mtima. Nthawi zambiri mwana akayamba kulimbana ndi munthu mmodzi, ndiye kuti wayamba kuzindikira kuti munthu ameneyo sali ngati ena aja.

Zimenezi zinafufuzidwa bwino m'dziko lino lomwe. Boma la pulezidenti Ceaușescu litagwa ku Romania mu December 1989, mabanja a ku Britain anatenga ana ambiri m'nyumba zosungira ana za kumeneko, zimene zinali zomvetsa chisoni kwambiri. Katswiri wa maganizo a ana Michael Rutter ndi anzake ku London anatsata ana 165 ochokera ku Romania kuyambira ali aang'ono mpaka atakula. Ana amene anatuluka m'nyumbazo asanathe miyezi 6 anakula mosasiyana kwenikweni ndi ana ena oleredwa m'mabanja a kuno. Amene anakhalitsako ndi amene ambiri anali ndi khalidwe lopita ndi aliyense komanso vuto losakhazikika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo ena linawatsata mpaka kukula. Komabe anawo anachira modabwitsa pa thupi ndi pa nzeru atalowa m'mabanja, ndipo ena mwa okhalitsawo anakula opanda vuto lililonse. Nyumba za ku Romania za nthawi imeneyo sitingazifanizire ndi kumene mwana wanu anachokera, kumene mwina ankaberekedwa ndi kuimbiridwa nyimbo. Ndakuuzani izi kuti mukhale ndi chiyembekezo chokhala ndi maziko, komanso kuti musayembekezere kuti zonse zitha pofika Khirisimasi. Ntchitoyi imayezedwa ndi zaka.

Tsono muchite chiyani? Kwathu mwana akabadwa amakhala kaye m'chikuta ndi mayi ake, osanyamulidwa ndi aliyense, mpaka tsiku lomutulutsa. Mwana wanu akufunika chikuta chake tsopano, cha miyezi ingapo. Izi zikutanthauza kuti kudyetsa, kusambitsa, kuveka, kugoneka, kunyamula ndi kutonthoza zikhale za inu awiri nokha. Ndikudziwa kuti kwa ife Amalawi n'zovuta kuzinena. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi amene akuletsa anzake kunyamula mwana amaoneka wodzikonda. Mwambiwo ndi woona, ndipo tsiku lidzafika loti gulu lonse la kutchalitchi likhale azakhali ndi agogo ake. Koma mwana ayenera kukhala wa munthu wina wake kaye asanakhale wa tonse. Afotokozereni abusa kapena atsogoleri a amayi mwakachetechete kuti akuthandizeni kuuza ena. Apempheni kuti mwana akawathamangira amupatse moni mwansangala, kenako amutembenuzire kwa inu n'kunena kuti amayi ako ndi awo, pita kwa amayi ako. Akapempha bisiketi kwa wina, ayankhe kuti kafunse amayi ako. Akatcha wina amama, mukonzeni mofatsa: awa ndi anti, amama ndine. Kwa milungu ingapo mungathe kukhala kumbuyo n'kutuluka mapemphero akangotha, osatsalira pa tiyi. Maphwando aakulu ndi alendo ogonera adikire.

M'nyumba, musamukakamize kukumbatirana. Pali anthu ena amene amaphunzitsa kuti mwana wotere azigwiridwa mwamphamvu mpaka atagonja. Zimenezo n'zoopsa ndipo musazichite. Yandikirani kudzera pa zinthu zimene thupi lake likuzidziwa kale. Yesani kumubereka ndi chitenje pamene mukuphika kapena kuyenda, chifukwa kumbuyo mwana amamva kutentha kwanu popanda kuyang'anana maso ndi maso, ndipo ana ambiri okana kunyamulidwa pachifuwa amalola kumbuyo. Mudzozeni mafuta akasamba, mukeni tsitsi pang'onopang'ono, sewerani naye masewera oomba m'manja, muimbireni nyimbo za kwathu. Khalani naye pansi kwa kanthawi tsiku lililonse, foni ili kutali, iye azitsogolera sewero. Akafuna kumwetsedwa ngati khanda kapena kuchita ngati sadziwa kuvala, muloleni, akubweza zimene anaphonya. Bambo nawo ali ndi mbali yaikulu. Asasangalale okha kuti ndi okondedwa, koma azikulowetsani: mwana ali pamiyendo pawo inu muzimudyetsa, iwo azinena kuti tiyeni tikafunse amama.

Za kusalira akagwa, mwanayu anaphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu. Inu muzibwera ngakhale sanalire. Akapunthwa pang'ono pokha, thamangani, nenani kuti pepa mwanawe, wapweteka, onetsa amama, mupukuteni, muikeni kapulasitala ngakhale palibe bala. Tsiku limene adzagwe n'kulira akuyang'ana kumene muli, mudzadziwe kuti zinthu zayamba kuyenda.

Buledi wa pansi pa pilo musamukalipire. Kumene anachokera chakudya chinkabwera pa nthawi yake, n'kutha, ndipo wochedwa ankapeza mbale yayera. Mimba yake yakhuta koma mtima sunakhulupirire kuti mawa kudzakhalanso. Mupatseni kabokosi kakekake kokhala ndi zakudya zosaonongeka msanga, kazikhala pamene angakafikire, ndipo muzikadzaza iye akuona. Chakudya chizibwera nthawi zodziwika, ndi totafuna tina pakati. Musamumane chakudya ngati chilango ngakhale tsiku limodzi. Ufa umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa, choncho phala la m'mawa, nsima ya nyemba kapena usipa, mbatata ndi chiponde zisasowe pamene akuzolowera zakudya za kuno.

Usiku ndi nthawi imene mantha amakula. Mwana amene sanagonepo yekha chibadwire sangaone chipinda chakechake ngati mphatso. Ikani kabedi kake m'chipinda mwanu, kapena matiresi pafupi ndi bedi lanu, ndi kanyale kosathima. Onetsetsaninso mtundu wa kukuwako. Ngati akukuwa m'maola oyambirira a tulo, maso ali otsegula koma osakuzindikirani, ndipo m'mawa sakumbuka kanthu, ameneyo ali mtulo ndithu. Musamudzutse, khalani pafupi, muonetsetse kuti asadzipweteke, zimatha zokha. Ngati wadzukiratu ndi maloto oopsa, akufunika mawu anu ndi dzanja lanu. Njira zimene mungawerenge zoti mwana azisiyidwa alire mpaka agone yekha si za mwana ngati uyu.

Apongozi anu akulankhula mwachikondi, ndi nzeru zimene analerera ana obadwira m'manja mwawo. Koma mwana uyu sanasasatitsidwe, anasowa. Chikwapu chimangomutsimikizira zimene akuziopa kale, zoti akuluakulu si odalirika, ndipo mungamugonjetse thupi n'kumutaya mtima. Kumutsekera yekha m'chipinda nakonso n'chimodzimodzi kwa mwana amene anasiyidwapo. Malire akhalepo ndithu: akakumenyani, gwirani dzanja lake mofatsa, nenani kuti ayi, sitimenyana pano, mukhazikeni pafupi nanu mpaka mtima utatsika. Dziwaninso kuti ku Scotland kumenya mwana kunaletsedwa kotheratu mu 2020 ndipo ku Wales mu 2022, komanso kuno ku England chikwapu chosiya chipsera chingakuikeni m'manja mwa apolisi ndi a social services, ogwira ntchito za boma zoteteza ana. Amuna anu ndi amene ayankhe amayi awo pa nkhaniyi, mwaulemu, kuti inu musakhale pakati.

Za mapemphero, pempherani naye ndi kumupempherera, m'nyumba mwanu, mwakachetechete, ali pamiyendo panu ngati walola. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wanga wonse ndi kumuika pakati pa gulu lomufuulira ndi kumugwira mutu, akumva anthu akunena kuti ali ndi chiwanda kapena magazi oipa. Palibe chilichonse m'kalata yanu chimene sichikufotokozeka ndi mbiri yake. Mwana wa zaka zitatu amamva zambiri kuposa zimene amalankhula, ndipo mawu otere amakhala mumtima zaka zambiri.

Pa chilankhulo muli ndi mwayi umene mabanja ambiri otenga ana kunja alibe. Ana otengedwa ndi makolo a chilankhulo china amataya chawo m'miyezi yochepa, asanachidziwe chatsopanocho, ndipo amakhala pakati opanda mawu okwanira onenera zimene zikuwavuta. Inu mumalankhula Chichewa. Chilankhuleni m'nyumba tsiku lililonse, makamaka pomutonthoza ndi pomugoneka. Chingerezi adzachitola yekha kunja, ndipo zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula. Kuchepa mawu m'miyezi yoyamba kumachitika ndi mantha ndi kusintha kwa malo, koma muyezetseni makutu, chifukwa matenda a mafinya m'khutu ndi ofala kwa ana okulira pagulu ndipo mwana wosamva bwino amaoneka ngati wamwano.

Poti ndinu namwino, gawo la zachipatala mukulidziwa, koma ndilitchulebe chifukwa anamwino ndi amene amaiwala kukhala makolo pamaso pa dokotala. Ngati sizinachitike kale, pemphani GP (dokotala wa banja lanu) kapena health visitor (namwino woyendera mabanja a ana aang'ono) kuti mwana aonedwe mokwanira, ndipo tengani buku lake la kusikelo. Ayezedwe msinkhu ndi kulemera n'kuzilemba m'buku lofiira la kuno, kuti muziona mmene akukwerera. Ayezedwe HIV ngakhale anayezedwa kale kumudzi, hepatitis B, chindoko, TB, kuchepa kwa magazi ndi sickle cell (matenda a magazi otengera kwa makolo), poti kuyeza kumene ana a kuno amachitidwa atangobadwa iye kunamuphonya. Chimbudzi chiyezedwe ngati muli njoka za m'mimba kapena giardia (kachilombo kotsegulitsa m'mimba), ndipo ngati anakhalako kufupi ndi nyanja kapena madambo, tchulani likodzo. Katemera wa ku Malawi ndi wa kuno amasiyana pena ndi pena, choncho aone zimene zikusowa. Mano ndi maso asaiwalike. NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, imalangiza kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azimwa vitamin D wokwana ma microgram 10 tsiku lililonse, ndipo kwa mwana wakhungu lakuda m'dziko losowa dzuwa ngati lino zimenezi n'zofunika kwambiri. Chinthu chimodzi chokha musachizengereze: akatentha thupi nthawi iliyonse m'chaka choyambachi, aonedwe tsiku lomwelo, ndipo nenani momveka kuti wachokera ku Malawi, ayezedwe malungo. Madokotala a kuno saganiza msanga za malungo ngati simunawakumbutse.

Za nazale, ngati thumba likulola, dikirani. Tchuthi cha makolo otenga mwana kuno chimafika milungu 52, ndipo milungu 39 mwa imeneyo ndi yolipidwa kwa amene akukwaniritsa zofunika. Funsani kuntchito kwanu kuti mwatsala ndi yochuluka bwanji komanso ngati mungagawane ndi amuna anu. Kwa mwana uyu nazale ikufanana kwambiri ndi kumene anachokera: ana ambiri, amayi osinthanasinthana, mabedi ang'onoang'ono m'mizere. Angaoneke ngati wazolowera tsiku loyamba lomwe, aphunzitsi n'kumuyamikira, koma kumeneko ndi kubwerera ku khalidwe lakale lija. Ngati simungachitire mwina, yambani ndi maola ochepa, kapena pezani wolera ana mmodzi wovomerezeka wokhala ndi ana ochepa. Fotokozerani mphunzitsi amene wapatsidwa udindo woyang'anira mwana wanu za mbiri yake, mwachidule, ndipo muzimutenga inu kapena bambo ake, nthawi imene munalonjeza. Mashifiti ausiku muwapewe kaye ngati n'kotheka. Ikadzafika nthawi ya sukulu, kumbukirani kuti kuyambira September 2021 ana otengedwa m'nyumba zosungira ana kunja kwa England amaikidwa patsogolo pogawa malo m'sukulu za boma, choncho sungani bwino mapepala osonyeza kumene anali.

Tsopano chinsinsi chanu chija. Ndakhala pansi ndi amayi ambiri amene ananong'ona mawu omwewo, ena akugwetsa misozi, akuganiza kuti ndi okhawo. N'kovuta kumva chikondi kwa mwana amene akukukanani tsiku ndi tsiku, inu muli wosagona, mutanyamulanso chisoni cha zaka zimene munadikira mimba osaiona, ndipo anthu onse akuyembekezera kuti muzingosekerera. Ngakhale amayi obereka okha ena samva chikondi tsiku loyamba. Kwa ambiri chimabwera m'mbuyo mwa ntchito: mumasambitsa, mumadyetsa, mumadzuka usiku, ndipo tsiku lina mumapezeka kuti mwakwiya chifukwa mwana wina wamukankha. Auzeni amuna anu zimene mwandiuzazi. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mukungokhala wokhumudwa, mukulira pafupipafupi, chakudya sichikukoma, tulo sitikubwera ngakhale mwana wagona, kapena mukuopa kuti mungamupweteke kapena kudzipweteka, pitani kwa GP msanga. Matenda a kukhumudwa amagwiranso makolo otenga mwana, abambo omwe, ndipo amachizika.

Mwananso pali pamene simuyenera kudikira. Ngati akutsika thupi kapena sakukwera sikelo, akutsegula m'mimba kosalekeza, akudya mpaka kusanza, akumenyetsa mutu mpaka kuvulala, akuchita masewera ogonana osayenera msinkhu wake, kapena akuiwala zinthu zimene ankatha kuchita monga kuyenda bwino ndi kugwira supuni, kaonaneni ndi dokotala wa ana tsopano. Ngati pofika chaka chathunthu ali nanu akupitabe ndi alendo osacheuka, sabwera kwa inu akapweteka kapena akachita mantha, kapena mawu ake sakuwonjezeka m'chilankhulo chilichonse, pemphani kuti aonedwe ndi akatswiri a kakulidwe ndi maganizo a ana amene amadziwa za ana otengedwa. Simufunikanso kudikira kuti zifike poipa. Bungwe limene linakuyesani musanatenge mwana, kapena ofesi yoona za kutenga ana m'dera lanu, ingathe kuunika zosowa za banja lanu, ndipo ku England kuli thumba la boma lotchedwa Adoption and Special Guardianship Support Fund limene limalipirira chithandizo chotere. Afunseni ngati mwana wanu akuyenera kupindula nalo, komanso ngati mapepala a khoti la ku Malawi akufuna chigamulo china cha khoti la kuno. Amalawi ambiri timaopa kuti tikapempha thandizo atilanda mwana, koma kholo lopempha thandizo msanga ndi limene ogwira ntchitozi amalikhulupirira.

Chomaliza, ngati muli ndi zithunzi za kunyumba kumene anali, za olera ake ndi anzake, musazibise poganiza kuti aiwale msanga. Zisindikizeni, muziike m'kabuku kolimba koti azitha kukagwira yekha, pamodzi ndi chithunzi cha tsiku limene munakumana, cha ndege ndi cha nyumba yanu ya ku Leeds. Muziwerenga naye m'mawu osavuta: unabadwira ku Malawi, amayi okubereka anadwala n'kumwalira, amayi awa anakusamala, kenako ife tinabwera kudzakutenga ndipo ukhala nafe mpaka kalekale. Akakana kukaona, kaikeni pashelefu pamene angakafikire. Dzina la mayi ake omubereka, mudzi wawo, mfumu yawo ndi achibale amene alipo muzilembe tsopano pamene anthu akukumbukira, chifukwa akadzafika zaka 12 kapena 15 adzakufunsani, ndipo olera amene akudziwa zimenezi lero mwina adzakhala atachoka pamalopo.